Donald Kachamba

Donald Kachamba (1953 – Januwale 2001) anali woyimba, wopeka nyimbo komanso mtsogoleri wa bandi wochokera m'mudzi wa Singano ku Chileka, m'boma la Blantyre. Amadziwika ndi nyimbo za kwela, zomwe zimayimbidwa ndi chitoliro chachitsulo, gitala, besi ya chingwe chimodzi ndi maseche. Anali mng'ono wake wa Daniel Kachamba, katswiri wa gitala amene Amalawi ambiri amamutchula kuti Dr. Daniel Kachamba. Donald anapitiriza kuyimba kwela mpaka imfa yake, patadutsa zaka zoposa 30 chamba chimenechi chitazilala ku South Africa komwe chinayambira.

Popeza ankadziwa zida zonse za bandi ya kwela, m'zaka za m'ma 1970 Donald ankajambula nyimbo zina ali yekha. Ankayimba chida chimodzi n'kuchijambula pa tepi, kenako n'kuwonjezera china pamwamba pake, mpaka nyimbo n'kumamveka ngati yayimbidwa ndi bandi yathunthu. Kajambulidwe kosanjikiza kotere ndi komwe masitudiyo a m'nyumba amadalira masiku ano, kaya akugwiritsa ntchito makina ojambulira a multitrack, kompyuta, kapena zonse ziwiri pamodzi.

Banja ndi ubwana

Donald anabadwira m'banja la oyimba. Bambo ake, a James Kachamba, ankayimba gitala, ndipo ndi amene anayamba kuphunzitsa Daniel, yemwe anabadwa mu 1947. Kuyambira 1957 mpaka 1961 banjali linkakhala ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare ku Zimbabwe. Nthawi imeneyo Nyasaland inali mu chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo anthu ambiri a kuno ankapita ku Halale ndi ku Joni kukafuna ntchito. Ena ankabwerako ndi magitala, magalamafoni ndi zimbale, pamene ena ankatchona komweko.

Ku Salisbury anyamata awiriwa anamva nyimbo za m'tauni zochokera ku South Africa, zomwe zinkamveka pa wailesi, pa zimbale komanso m'misewu. Donald anayamba kuliza chitoliro akadali wamng'ono kwambiri, potsatira mkulu wake. Banjali litabwerera kwawo linakhazikika ku Chileka, kufupi ndi bwalo la ndege. Mudzi wa Singano, womwe uli m'dera la Mfumu Yaikulu Kuntaja, pambuyo pake unatchukanso ndi oyimba ena monga Robert Fumulani, Evison Matafale ndi gulu la Black Missionaries.

Nyimbo za kwela

Kwela inayambira m'malokeshoni a ku Johannesburg chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndipo inafika pachimake m'zaka za m'ma 1950. Anyamata a kumeneko ankamva nyimbo za jazi ya ku America pa zimbale ndi m'makanema, koma ndalama zogulira malipenga odula analibe. M'malo mwake ankagula tizitoliro tachitsulo ta mabowo asanu ndi limodzi, totsika mtengo, n'kumayimba m'makona a misewu kuti odutsa awaponyere makobidi. Dzina loti kwela likuchokera ku liwu la Chizulu lofanana ndi la Chichewa loti kwera, ndipo magalimoto a apolisi omwe ankanyamula anthu ogwidwa m'malokeshoni ankatchedwa kwela-kwela.

Kanema wa The Magic Garden wa mu 1951, momwe Willard Cele analiza chitoliro, anathandiza kufalitsa kayimbidwe kameneka. Spokes Mashiyane anayamba kujambula zimbale mu 1954, Lemmy Mabaso anatchuka akadali mwana, ndipo mu 1958 nyimbo ya Tom Hark ya gulu la Elias and His Zig-Zag Jive Flutes inafika pa nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 makampani ojambula nyimbo ku South Africa anali atatembenukira ku malipenga ndi magitala amagetsi a mbaqanga, ndipo chitoliro chinasiyidwa.

Nyimbo ya kwela imayenda pa makodi atatu a gitala omwe amabwerezedwa mozungulira kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Maseche amasunga liwiro, besi imaponda pansi, ndipo chitoliro chimasewera pamwamba, chikusinthasintha kanyimbo komweko. Woliza chitoliro cha kwela sachigwira moongoka ngati mwana wa sukulu. Amachilowetsa kwambiri m'kamwa mopendekeka chakutsaya, zomwe zimachititsa kuti mawu ake akhale aakulu ndi onenepa, komanso kuti athe kuwapinda ngati mmene amachitira oyimba jazi. Besi ya chingwe chimodzi, imene ambiri amaitcha babatoni, imapangidwa ndi bokosi lamatabwa, ndodo ndi chingwe, ndipo mawu ake amakwera kapena kutsika malinga ndi mmene woyimba wakungira chingwecho.

Bandi ya pachibale

Atabwerera ku Malawi, Daniel anayambitsa bandi ya anyamata momwe iye ankayimba gitala ndipo Donald ankaliza chitoliro. Bandiyi, imene inadzadziwika kuti Kachamba Brothers' Band, inkayimba pa maphwando a m'midzi ya ku Chileka komanso m'misewu ya mu Blantyre. Msewu wochokera ku Chileka kulowa m'tauni umadutsa pa Kameza, Chirimba, Chemusa ndi Mbayani, madera omwe anthu obwera kudzafuna ntchito mumzindawu ankachulukirachulukira. Kupatula kwela, abalewa ankayimbanso zamba zina zovina za nthawi imeneyo monga sinjonjo, saba-saba, simanje-manje, lumba ndi twist, ndipo ankapeka nyimbo zawozawo m'Chichewa. Gitala yawo nthawi zambiri inkakhala ndi nsambo zisanu m'malo mwa zisanu ndi imodzi.

Mu 1967 Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo ndi chikhalidwe wochokera ku Vienna m'dziko la Austria, anakumana ndi bandiyi ku Blantyre. Nthawiyo n'kuti Donald ali ndi zaka pafupifupi 14. Kubik, yemwe paunyamata wake ankayimba jazi, anajambula nyimbo zawo pa tepi komanso pa kanema. Kenako analemba buku lonena za iwo lotchedwa The Kachamba Brothers' Band, lomwe linatuluka m'Chingerezi mu 1974 kudzera ku nthambi yofufuza za Africa ya University of Zambia.

Kujambulidwa kotereku sikunali chinthu wamba kwa oyimba a m'midzi. Wailesi ya MBC, yomwe inayamba mu 1964, inali yokhayo m'dziko muno kwa zaka pafupifupi 30, ndipo oyimba ambiri ankadalira situdiyo zake. Kumeneko bandi yonse inkayimba nthawi imodzi, tepi n'kutsala ku wailesi. Woyimba amene sanapeze mwayi wolowa mu situdiyo, nthawi zambiri nyimbo zake zinkatha iye akamwalira.

Bandi yakeyake ndi maulendo akunja

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 abale awiriwa anayamba kuyenda njira zosiyana. Daniel anatchuka monga woyimba gitala payekha, pamene Donald anakhazikitsa bandi yake ya kwela ndipo anayamba kupeka nyimbo zambiri. Mothandizidwa ndi mabungwe monga Goethe-Institut ya ku Germany, anakayimba m'mayiko ambiri a mu Africa, ku Ulaya ndi ku South America. Kubik mwiniwake anakhala mmodzi wa oyimba mu bandiyi, ndipo pambuyo pake munalowanso Moya Aliya Malamusi wa ku Singano komweko, amene anadzakhala katswiri wofufuza za nyimbo ndi miyambo. M'zaka zomwezo bungwe lojambula makanema a maphunziro la ku Göttingen m'dziko la Germany linajambula Donald akuyimba kwela, kuti ophunzira aziona bwino kagwiridwe ka chida chilichonse.

Kujambula nyimbo ali yekha

Munali m'zaka zimenezi pamene Donald anayamba kugwiritsa ntchito makina a tepi ngati anzake oyimba nawo. Kubik analemba nkhani yonse yofotokoza ntchitoyi, ya mutu woti Donald Kachamba's Montage Recordings, yomwe inatuluka m'magazini ya maphunziro ya African Urban Studies ya 1979/80. Liwu loti montage limatanthauza kulumikiza tizidutswa tosiyana kuti tipange chinthu chimodzi.

Pa nthawiyo munthu wopanda situdiyo yaikulu ankatha kusanjikiza mawu pogwiritsa ntchito makina awiri a tepi. Ankajambula chida choyamba pa makina oyamba. Kenako ankaliza tepi ija, akumvetsera, n'kumayimba chida chachiwiri, ndipo makina achiwiri ankajambula zonse ziwiri pamodzi. Pofuna kuwonjezera chida chachitatu ankabwerezanso zomwezo kuchokera pa makina achiwiri kubwerera pa oyamba.

Njirayi ili ndi zovuta zake. Nthawi iliyonse mawu akakoperedwa kuchoka pa tepi ina kupita pa ina, kaphokoso ka tepi kamawonjezeka ndipo zida zomwe zinajambulidwa koyambirira zimayamba kumveka mozimiririka. Zida ziwiri zikalowa pa tepi imodzi sizingalekanitsidwenso, choncho munthu sangakweze besi yokha kapena kutsitsa maseche okha. Akalakwitsa pakati pa nyimbo amayenera kuyambiranso gawo lonselo. Makina awiri akamazungulira pa liwiro losiyana pang'ono, mawu amakwera kapena kutsika, ndipo vutoli limakula pa kwela chifukwa chitoliro chachitsulo sichichunidwa ngati gitala: zida zinazo ndi zomwe zimayenera kutsatira chitolirocho.

Koma chovuta kwambiri chili kwa woyimba. Pojambula chida choyamba sipakhala mnzake womuyang'ana kapena womutsogolera. Amayenera kusunga nyimbo yonse m'mutu, kudziwa pomwe mawu adzalowere ndi pomwe chitoliro chidzayankhire, komanso kusunga liwiro osathamanga kapena kutsalira. Kapangidwe ka kwela kamathandiza pamenepa, chifukwa gitala ndi maseche zikayala kuzungulira kwa makodi atatu kuja, zida zina zimapeza pokhazikika. Komabe kukoma kwa kwela kumachokera pa kukokana kwa zida, china chikutsogola pang'ono, china chikutsalira pang'ono, ndipo munthu mmodzi amayenera kukudziwa bwino kukokanako kuchokera mbali zonse kuti akutulutse yekha. Chifukwa cha ichi zojambula za Donald ndi zofunika kwa ofufuza: zimasonyeza mmene wopeka nyimbo mwiniwake ankafunira kuti chida chilichonse chimveke.

Kunja kwa Malawi njira yosanjikiza mawu inali itayamba kale. Woyimba gitala wa ku America, Les Paul, anatulutsa nyimbo ya Lover mu 1948, momwe anasanjikiza magitala asanu ndi atatu oyimba yekha, atajambulira m'galaja ya pakhomo pake. Mu 1957 kampani ya Ampex inamupangira makina ojambula mizere isanu ndi itatu yoyendera limodzi pa tepi imodzi. Mizere imeneyi ndi yomwe anthu a mu situdiyo amaitcha ma track, ndipo makina okhala ndi ma track angapo ndiwo amatchedwa multitrack. Ubwino wake ndi woti chida chilichonse chimakhala pa track yakeyake, moti chingathe kufufutidwa, kukwezedwa kapena kutsitsidwa popanda kukhudza zinzake. Makina otere anali odula kwambiri ndipo ankapezeka makamaka m'masitudiyo aakulu mpaka mu 1979, pamene kampani ya TEAC ya ku Japan inatulutsa Portastudio 144, yojambula ma track anayi pa kaseti wamba. Choncho Donald ankachita ntchitoyi pa nthawi imene makina otsika mtengo a oyimba a pakhomo anali asanafale ngakhale ku Ulaya.

Kafukufuku ndi kuphunzitsa

Kupatula kuyimba, Donald ankathandizanso pa kafukufuku wa nyimbo za ku Malawi. Dzina lake lili pa buku la Malawian Music: A Framework for Analysis, lomwe Kubik analemba mothandizidwa ndi Moya Aliya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba, ndipo linasindikizidwa ku Zomba ndi University of Malawi mu 1987. Chaka chomwecho, pa 25 Julayi, mkulu wake Daniel anamwalira ali ndi zaka 40. Mu 1989 ku Chileka kunakhazikitsidwa Oral Literature Research Programme motsogozedwa ndi a Malamusi, ndi cholinga chosonkhanitsa ndi kusunga nyimbo, nthano ndi miyambi.

Mu 1994 kampani ya Le Chant du Monde ya ku France inatulutsa chimbale chake chotchedwa Concert Kwela. Chakumapeto kwa 1999 anaitanidwa ku University of California, Los Angeles kukaphunzitsa ophunzira a nthambi yofufuza za nyimbo za mitundu ya anthu. Anawaphunzitsa chitoliro, gitala, babatoni ndi maseche, ndipo zomwe anayimba nawo zinatuluka pa chimbale cha Donald Kachamba at UCLA. Kwawo ku Singano ankaphunzitsanso anyamata achichepere kuti kwela isathere pa iye.

Imfa

Donald Kachamba anamwalira mu Januwale 2001, patangodutsa chaka chimodzi chibwerereni ku America. Anzake ndi ophunzira ake anapitiriza bandi pansi pa dzina loti Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazzband, momwe munali Sinosi Mlendo, Christopher Gerald, Moya Aliya Malamusi ndi Gerhard Kubik. Mu 2004 bandiyi inayimba pa malo otchedwa Sargfabrik ku Vienna, ndipo zoyimba za tsikulo zinatuluka pa chimbale.

Kajambulidwe kake ndi masitudiyo a lero

M'zaka zomaliza za moyo wa Donald kujambula nyimbo ku Malawi kunasintha kwambiri. M'zaka za m'ma 1990 masitudiyo osakhala a boma, monga Studio K ndi Baptist Media Centre ku Blantyre komanso Andiamo ndi IY ya Paul Banda ku Balaka, ankajambula oyimba ambiri, ndipo makaseti awo ankagulitsidwa kudzera kwa amalonda monga O.G. Issa ku Limbe. Padziko lonse makina ankapitanso patsogolo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera makina a ADAT a kampani ya Alesis, ojambula ma track asanu ndi atatu pa kaseti ya vidiyo, ndipo pulogalamu ya pa kompyuta ya Pro Tools inatuluka mu 1991. Makompyuta atatsika mtengo, masitudiyo ang'onoang'ono anafalikira m'malokeshoni a Blantyre monga Mbayani, Ndirande, Chilomoni, Bangwe ndi Zingwangwa, nthawi zambiri m'chipinda chimodzi cha nyumba yogona, muli kompyuta ya pulogalamu ya FL Studio kapena Cubase, maikolofoni ndi masipika.

Ngakhale kompyuta imatha kujambula yokha, makina apadera a multitrack akadali ndi ntchito, ndipo ojambula ena amaphatikiza ziwirizi. Makinawa amalandira maikolofoni angapo nthawi imodzi, aliyense pa track yake, ndipo woyimba amadzimva m'mahedifoni popanda kuchedwa kwa mawu komwe kumachitika pa kompyuta yofooka. Ena amayendera mabatire, monga Zoom R16 ya mu 2009, yomwe imajambula ma track asanu ndi atatu nthawi imodzi. Zimenezi zimathandiza kumene magetsi amathimathima, komanso pokajambula kwaya kutchalitchi kapena bandi ya zida zosafuna magetsi kumudzi, popanda kunyamula kompyuta.

Akamaliza kujambula, track iliyonse imasamutsidwira pa kompyuta ngati fayilo ya WAV, kudzera pa chingwe cha USB kapena memori khadi. Pa kompyuta ndi pomwe amadula malo olakwika, kuwonjezera zida zina, kulinganiza kukula kwa mawu a chida chilichonse ndi kuphatikiza zonse kukhala nyimbo imodzi. Kuti zida zisasemphane, mafayilo onse amayenera kuyambira pa malo amodzi, ndipo makina ndi kompyuta zimayenera kutcheredwa pa muyezo umodzi, kaya 44.1 kHz kapena 48 kHz. Miyezoyi ikasiyana, nyimbo imathamanga kapena kuchedwa ndipo mawu ake amakwera kapena kutsika, vuto lomwe lija la makina awiri a tepi ozungulira mosiyana. Ngati makina ndi kompyuta zikuyendera limodzi, zimalumikizidwa ndi chingwe cha MIDI kuti chimodzi chizitsogolera ndipo chinacho chizitsatira nthawi yake.

Kompyuta inathetsa zovuta zambiri za nthawi ya tepi: mawu sazimiririka akakoperedwa, ma track sakhala ndi malire ochepa, ndipo cholakwika chimakonzedwa popanda kuyambiranso nyimbo yonse. Dongosolo la ntchito lokha silinasinthe. Wojambula amayamba ndi chida chosunga liwiro, n'kuyala makodi ndi besi, kenako n'kumaliza ndi mawu kapena chida chotsogolera, monga mmene bandi ya kwela imamangidwira.

Makina ndi kompyuta zimakumananso pa ntchito yosunga zojambula zakale. Tepi imawonongeka ndi chinyontho, kutentha ndi ukalamba, ndipo makina oilizira akusowa, choncho malo osungira zakale amaliza matepi pa makina oyenera n'kusamutsira mawu ake pa kompyuta. Zojambula zambiri za Kubik za mu Africa, kuphatikizapo za abale a Kachamba, zimasungidwa ku Phonogrammarchiv ku Vienna, malo osungira mawu ojambulidwa omwe anakhazikitsidwa mu 1899 ndipo ndi akale kwambiri padziko lonse.